Dzina la Kambalame ka pa Nyika

Pamwamba pa mapiri a Nyika, pamene pali udzu waufupi ndi mphepo yozizira, pamakhala kambalame kotuwa kamene Angerezi amakatcha lark. Kambalameka kamayenda pansi, kamadya tizilombo ndi njere za udzu, ndipo chisa chake kamamanga pansi pomwepo, m'tsinde mwa udzu. Wodutsa mofulumira sangakaone, pakuti nthenga zake zimafanana ndi dothi.

Akatswiri a zamoyo amaika mbalame m'magulu monga momwe anthu amalondolera mibadwo yawo. Gulu lalikulu ndi banja, m'banjamo muli mafuko, ndipo m'fuko muli mitundu. Chamoyo chilichonse amachipatsa maina awiri a Chilatini, loyamba la fuko, lachiwiri la mtundu. Njirayi anaikhazikitsa pa nyama ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1758. Banja la kambalameka ndi Alaudidae, ndipo lili ndi mitundu pafupifupi 100.

M'chaka cha 1836, Andrew Smith anatcha mbalame ina ya ku South Africa dzina loti Mirafra africana. Mu 1939, C. W. Benson, amene ankagwira ntchito m'boma la Nyasaland, anafotokoza kambalame ka pa Nyika monga nthambi chabe ya mtundu womwewo, nakatcha nyikae. Kwa zaka zoposa 80 nkhani inakhala choncho. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Per Alström ndi anzake anayerekeza DNA, kaimbidwe ndi maonekedwe a mbalamezi, ndipo mu 2024 anaonetsa kuti chimene chinkayesedwa mtundu umodzi ndi mitundu ingapo. Tsopano ka pa Nyika kali mu mtundu wa Corypha nigrescens, pamodzi ndi abale ake a m'mapiri a kummwera kwa Tanzania.

Wina angafunse kuti, kodi kusintha dzina kuli ndi phindu lanji? Kale kambalameka kakanatha pa Nyika, anthu akanati abale ake adzaza Africa. Lero zadziwika kuti mtundu wake ulibe kwina kothawira koma mapiri ochepa okhawa. Moto wolusa wobwera panthawi yoswa ukhoza kupsereza mazira ndi anapiye omwe. Choncho dzina latsopanoli lawonjezera udindo wa onse osamala nkhalango ya Nyika, imene boma linaiteteza mu 1965. Kusunga udzu wa pamenepo ndiko kusunga mtundu wa kambalameka.