Mapulagi Awiri

Bambo anabwera nayo galamafoni yawo kuchokera ku Johannesburg mu 1974, chaka chimene ndege yonyamula anthu akumigodi inagwa ku Francistown, boma la Malawi n'kuletsa Wenela kulembanso anthu. Anzawo anabwera ndi njinga ndi masuti. Iwo anabwera ndi Pioneer, ampulifaya, masipika awiri, mbale za Mahotella Queens ndi Jim Reeves, ndiponso luso lokonza mawailesi, limene linatiphunzitsa sukulu tonse asanu.

Pa tchuthi cha Khirisimasi mu 2023 ndinaipeza galamafoniyo ili chete. Khoswe anali atatafuna mawaya onse awiri pafupi ndi mapulagi. Zakale bwenzi ataikonza tiyi asanazizire, koma manja awo anali atayamba kunjenjemera kotero kuti ngakhale batani la malaya linali kuwavuta. Ndinawauza kuti ndiwagulira kasipika ka Bluetooth, pakuti nyimbo zonsezo zili pafoni. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi ndakuuza kuti ndikufuna nyimbo? Katenge kabokosi kanga kazida."

Magetsi anali atazima, tsono tinaika chitsulo chawo chakale chowotcherera, chamutu wamkuwa, pa mbaula. Podikira kuti chitenthe anandilamula kusenda waya. Ine amene ndimaphunzitsa ophunzira kusenda ndakatulo sindinali kudziwa kuti waya nayenso ali ndi zamkati. Pansi pa khungu lakuda pali timawaya tamkuwa tolukana ngati mkeka. Pansi pake pulasitiki woyera. Pakati penipeni kawaya kamodzi. Kapakatiko ndiko kamanyamula nyimbo. Mphamvu yochokera ku singano ndi yochepa zedi, ngati mutagawa volti imodzi magawo 200 n'kutengapo limodzi. Mkeka uja ndi mpanda wotchinga kuti magetsi a m'nyumba, amene amagwedezeka ka 50 pa sekondi, asalowerere m'nyimbo. Pulagi nayo, imene kampani ya RCA inapanga m'zaka za m'ma 1930 pofuna kulumikiza galamafoni ku wailesi, imatsata dongosolo lomwelo: kamsomali pakati, chigoba kunja. Yofiira ndi ya kumanja, yoyera ya kumanzere.

Ndinasenda khungu pang'ono, ndinapota mkeka uja n'kuupatutsira pambali, ndinapaka mtovu kunsonga zonse ziwiri. Kapakati ndinakawotcherera ku kamsomali, mkeka ku chitsulo chakunja. Mtovu unayenda bwino, unawala. Ndinawaonetsa monyada ngati mwana wa Sitandade 1.

"Zakongola, aphunzitsi," anatero. "Nanga chivindikiro chilowera kuti?"

Chinali pa tebulo. Chivindikiro cha pulagi chimayamba kulowa mu waya munthu asanawotcherere, apo ayi sichilowanso. Iwo anali ataona kuyambira pachiyambi, koma anangokhala duu. Ndinamatula. Kachiwiri ndinakhalitsa chitsulo, pulasitiki woyera anasungunuka, kapakati n'kukhudzana ndi mkeka. Ndinadulanso. Waya anali kufupika, ndipo mtima wanga nawo.

"Bambo, si bwino tingopita nayo kwa okonza kumsika?"

Sanayankhe. Anatambasula dzanja natenga chitsulo chija. Nsonga yake inavina m'malere, kufuna pulagi osaipeza, mpaka dontho la mtovu linagwera pa tebulo. Anachibweza pa mbaula pang'onopang'ono, naika manja pakati pa maondo. Pamenepo ndinazindikira chimene ndinali nditanena. Munthu amene anakonzera mawailesi dera lonse zaka 40, ine ndinali kufuna kuti galamafoni yake ikaonekere pa benchi ya mnyamata wina.

Ndinatenganso mpeni. "Ndiuzeni, ndichite bwanji?"

"Tenthetsa chitsulo cha pulagi, osati mtovu. Uwerenge kufika 3, uchotse. Usauzire."

Ndinawerenga mokweza. Yofiira inatha, yoyera inatha. Anazitembenuza pafupi ndi diso kufunafuna kaulusi kamkuwa kosochera, pakuti kamodzi kokha kakakhudza kamsomali, sipika imodzi imakhala bubu. Sanakapeze, ndipo sanandiyamikire.

Magetsi anayaka cha m'ma 7 madzulo. Nditatsegula ampulifaya, m'nyumba monse munadzaza kulira kwa huuu, ngati njuchi zili m'mtsuko. Ndinagwa mphwayi, ndinayamba kufunafuna mpeni. Bambo anangoloza kuseri ndi chibwano. Kumeneko kunali kulendewera kawaya kachitatu, kowonda, kopanda pulagi, kamene kamalumikiza thupi la galamafoni ku kasikuluwu ka pa ampulifaya. Nditakamanga, njuchi zinathawa.

Singano anafuna kuika okha. Ndinaopa kuti akanda mbale, koma ndinagwira pakamwa. Anatsamiritsa chikhatho pa thabwa, natsitsa mkono wa galamafoni ndi kandodo kake. Kunamveka kuthetheka pang'ono, kenaka magitala a ku Joni, kumanzere ndi kumanja komwe.

Anamvera mbali yonse ali chitsinzinire. Itatha anati, "Yoyerayo wachulutsa mtovu."

Kabokosi kazida ndinabwera nako kuno, ndipo kali pansi pa shelefu ya mabuku mu ofesi yanga. Anandipatsa tsiku lonyamuka, osanena kanthu, pamodzi ndi thumba la mtedza.