Ndarama za Malata Ndinaziika m'Boti

Ine ndine mwana wa ku nyanja, kwathu ku Senga Bay m'boma la Salima. Atate anga anali ndi boti la matabwa lopangidwa ku Mpwepwe, ndipo ndinakula ndikutsuka mapulagi a injini ya Yamaha pamene anzanga anali kukoka cilimila. Ndinafika ku Cape Town m'caka ca 2019, ndi kukhala pa Dunoon, pafupi ndi mseu wa N7, kumene a kwathu ali ambiri ndithu.

M'caka ca 2023 mkulu wina wa ku Atlantis, amene ndinali kumgwirira ganyu, anagula boti lakale la fibreglass lotalika mamita 6. Iye anali ndi cilolezo copha nsomba za mbedza, koma ndarama zinamthera. Anati kwa ine, "Malawi, iwe udziwa injini. Ikapo zako, tidzagawana." Tsono ine ndinali ndi ndarama zimene ndinasunga zaka zitatu, za malata a nyumba ku mudzi. Ndinaziika. Amai a ana atamva pa lamya anakhala cete, kenaka anati, "Kodi abambo, mvula ikadza tidzafunda boti?" Ndinalibe coyankha.

Tinaliika pa ngolo yace kuseri kwa mpanda wa munthu wina, pakuti pa Dunoon palibe bwalo lokwana boti. Injini zace ziwiri za 40, zija zosakaniza oilo ndi petulo, zinali zitadyeka ndi mcere mkati monse. Apa mpamene ndinaphunzira kuti nyanja yathu imalera injini, koma nyanja ya kuno imazidya. Kuno injini ifunika kuitsuka ndi madzi akumwa tsiku liri lonse ikacoka pa nchito, ndiponso amamangirako kacitsulo ka zinc kuti mcere udye iko m'malo mwa injini.

Kulakwa kwakukuru kunali kwanga. Mwini boti anandifunsa za thabwa la kumbuyo, pamene pakhala injini. Ndinaliyang'ana, losalala bwino ngati mbale, ndipo ndinati liri bwino. Kwathu thabwa lobvunda limaoneka ndi maso, ulibaya ndi mpeni nudziwa. Sindinadziwe kuti m'kati mwa fibreglass muja amabisamo plywood. Titapacika injini zatsopano ziwiri za 60, zosasakaniza oilo, iri yonse yolemera kuposa makilo 100, ndinaponda mwendo wa injini imodzi ndipo thabwa lonse linawerama. Titaboola, munaturuka madzi akuda ndi zinyenyeswa zonga gaga wonyowa. Madziwo analowa zaka zambiri pa mabowo a mabauti akale.

Tinatsitsanso injini. Masabata asanu ndinali kudula, kupala ndi kumata, pfumbi la fibreglass likundiyabwa thupi lonse koposa citedze. Tinaika plywood yatsopano ya pa madzi, mapepala awiri omatana, ndi kukuta ndi nsaru ya galasi ndi utomoni wace. Utomoniwo suuma msanga pa kuzizira kwa June, kotero tinali kudikira dzuwa la masana ngati anthu oyanika ufa. Pansi pa boti tinapezamo mabotolo apulasitiki mazanamazana, ndipo ine ndinaseka poyesa zinyalala. Iai, amaikamo dala kuti boti likadzala madzi lisamire, ndipo woyesa maboti wa SAMSA amafuna umboni wa zimenezo asanapereke cikalata. Tinasintha ophwanyika onse.

Zonsezi zinatidyera nyengo. Snoek imabwera kwambiri m'miyezi yozizira, ndipo pamene anzathu anali kudzaza maboti, ife tinali pa mtunda.

Tinalowa m'madzi pa Yzerfontein kumapeto kwa July, mbandakuca. Kulemera kwa injini kunakhazika kumbuyo pansi pang'ono, madzi nayamba kulowa pa mabowo oturutsira madzi. Mtima unandigunda, cifukwa madzi a kuno ngozizira koopsya, munthu sangasambiremo nthawi yaitali monga ticitira kwathu. Tinasunthira matanki a petulo ndi nangula kutsogolo, ndipo boti linakhala bwino. Tinapita kufupi ndi cisumbu ca Dassen.

Snoek si cambo ai. Ndi yaitali ngati mkono ndi theka, mano ace ngati lumo, ndipo ukaikweza uyenera kuipana m'khwapa ndi kuithyola khosi msanga. Yoyamba inandiceka cala, magazi osaleka mpaka madzulo, anzanga akuseka kuti nyanja yandilemba nchito. Tsiku limenelo tinapha zocepa, zongokwana petulo ndi cakudya.

Caka cimeneco sindinatumize kanthu, ndipo amai a ana anafolera ndi udzu ndi pepala la pulasitiki. M'caka ca 2024 ndinatumiza ndarama za malata 18. Nyumbayo ifuna 30, kotero cipinda ca ana cikali ca udzu, ndipo ngolo ya boti nayo yayamba dzimbiri.