Kodi Gitala ya Jazz Ingalire Bwino M'kompyuta?

Anzanga acinyamata, ena mwa inu amene mutsogolera magulu oimba mwasiya kulemba nyimbo m'kope, mwayamba kuzilemba pa kompyuta. Ubwino wake ndi wakuti kompyuta imakuimbirani zimene mwalemba, ndipo mukhoza kutumiza mau ake kwa oimba kuti aphunzire kunyumba Ciweru cisanafike. Piyano imamveka bwino, ng'oma nazo zimayesako. Koma lembani cigawo ca gitala yamagetsi ya jazz mumve cimene cituluka: kulira kouma, notsi iriyonse yofanana ndi inzake. Ici si cinthu cacing'ono. Mnyamata wa gitala amene sadziwa kuwerenga manotsi amaphunzira ndi khutu, ndipo cimene khutu lamva ndico zala zidzatsanzira. Ine ndathera masabata angapo pa nkhani imeneyi cifukwa ca gulu lathu, tsono ndikuuzeniko zimene ndapeza.

Kulira kouma kuja kuli ndi mbiri yake. M'caka ca 1991 opanga zoimbira anagwirizana pa ndandanda ya mau 128 yochedwa General MIDI, ndipo pa nambala 27 anaikapo gitala ya jazz. Anagwirizana dzina ndi nambala cabe. Kamvekedwe kake aliyense anapanga kake. Mafaelo ambiri a mau amene mupeza kwaulere pa intaneti, ochedwa SoundFont, atsata ndandanda yomweyo. Kawirikawiri munthu anajambula manotsi owerengeka a gitala, ndipo kompyuta imangowakweza kapena kuwatsitsa kuti ikwaniritse ena onse. Mukalemba notsi imodzi kasanu motsatizana, imabwereza kujambula komweko kasanu. Dzanja la munthu silitero.

Musanawononge ndalama ya bandulo kufunafuna faelo ina, yambani mwadziwa cimene mufuna kumva. Gitala ya jazz imene ambiri amaiganizira ndi yathupi lalikulu lobowoka m'kati, monga Gibson ES-175 imene inayamba kupangidwa mu 1949. Nsambo zake zimakhala zonenepa ndi zosalala, ndiye cala sicilira cikamatsetsereka. Woimba amatenga mau pa pickup ya kufupi ndi khosi la gitala, nacepetsa kuthwa kwake pa kabatani. Zotsatira zake ndi mau ofunda, obulungira, osakhalitsa. Mverani Wes Montgomery wa ku Indianapolis pa cimbale cake ca mu 1960, The Incredible Jazz Guitar of Wes Montgomery. Iyeyu sanali kugwiritsa nchito kapulasitiki kokhwayira nsambo, anali kuimba ndi mnofu wa cala cacikulu. Mukamumva kawiri katatu mudzazindikira msanga cimene cikusowa m'kompyuta yanu.

Za mapulogramu ndinene mwacidule. Finale analeka kuigulitsa mu 2024. Sibelius ndi Dorico zathunthu ndi zogula. Ine ndigwiritsa nchito MuseScore cifukwa ndi yaulere. Mtundu wake wacinai unatuluka mu December 2022 pamodzi ndi mau atsopano ochedwa Muse Sounds, ndipo patapita caka anawonjezako magitala. Amagetsi amene ndinapezamo ndi athupi lolimba, oyenera kwambiri nyimbo za rock. Komabe tengani amene alibe kukalipa, mutsegule mixer, muikepo EQ yodula mau okuthwa apamwamba, muwonjeze reverb pang'ono cabe. Mudzafika pafupi. Alipo mau ogulitsa ojambulidwa ku gitala yeniyeni ya jazz, amene amalowa m'pulogramu kudzera mu VST, koma amalipiridwa m'madola ndipo ena amalemera pa kompyuta yakale. Kwa gulu la acinyamata ine sindiwona cifukwa cake.

Cimene cinasintha zinthu kwa ife ndi kalembedwe. Ambiri a ife tinaphunzira nyimbo pa kiyibodi, ndiye timalembera gitala monga tilembera kiyibodi: manotsi anai kapena asanu opanikizana pamodzi. Gitala iri ndi nsambo 6 ndi zala zinai zokanikiza, ndipo makodi ena opanikizana otere dzanja silingawafikire konse. Kompyuta siidandaula, imangoimba, koma khutu limamva kuti ici ndi kiyibodi yobvala malaya a gitala. Freddie Green, amene anaimba m'gulu la Count Basie kuyambira 1937 mpaka pamene anamwalira mu 1987, anali kukhwaya kanai pa bara iriyonse ndi makodi a manotsi ocepa kwambiri. Gitala yake sinali yamagetsi, koma phunziro lake ligwira nchito. Inu odziwa solofa, yesani kulemba d, t, m: d pansi, t pamwamba pake, m pamwamba penipeni, s musiye. Manotsi atatu otalikirana otere amveka ngati gitala ngakhale pa mau aulere aja a nambala 27.

Cina ndi kayendedwe. Mu jazz, manotsi awiri ogawana kugunda kumodzi amalembedwa ofanana koma saimbidwa ofanana: yoyamba imatalika, yaciwiri imafupika. Ici ndico acicha swing. Mu MuseScore mumaika liu limeneli pamwamba pa bara yoyamba ndi kusankha mlingo wake. Pa 66 peresenti yoyamba imatalika kawiri kuposa yaciwiri. Nyimbo ikakhala yothamanga, pafupi ndi 60 ndi pabwino. Kenaka fupikitsani makodi. Woimba weniweni amakhwaya ndi kumasula zala pomwepo kuti mau aduke, pamene kompyuta imagwira notsi mpaka kumapeto kwake. Kadontho ka staccato pa kugunda kwaciwiri ndi kwacinai kamathandiza kwambiri. Kumbukiraninso kuti gitala imalembedwa okitevu imodzi pamwamba pa mmene imamvekera. Mukatenga mzere wa piyano ndi kungousinthira mau, zimene zimveka ndi zimene mnyamata adzawerenga papepala zidzasiyana. Sankhani gitala yeniyeni pa ndandanda ya zoimbira kuyambira paciyambi.

Pali zina zimene sindibvutika nazo. Notsi imodzimodzi pa gitala ipezeka pa nsambo zingapo, ndipo pa nsambo yonenepa imamveka yofunda kuposa pa yopyapyala. Mau aulere a General MIDI sasiyanitsa zimenezi. Ine ndimangowonjeza mzere wa tabu pansi, wosonyeza nsambo ndi malo oika cala, kuti mnyamata aimbe pakati pa khosi la gitala pamene mau ofunda ali.

Potsiriza, mverani faelo yanu pa foni musanaitumize pa WhatsApp. Oimba anu ambiri adzaimvera pa kasipika ka foni, kamene sikatulutsa mau apansi. Gitala imene mwaifewetsa bwino m'mahedifoni ikhoza kusowa konse pansi pa piyano ndi ng'oma. Cotero ine ndimatumiza mafaelo awiri: ina ya gulu lonse, ina ya woimba gitala yekha, mmene ndakweza gitala, ndabwezako kuthwa pang'ono, ndi kusiya besi ndi ng'oma capansipansi kuti asataye kugunda.