Pita ukapimitse maso ukadali kuona bwino

Mwana wanga wokondedwa,

Mlongo wako wandiuza kuti wagula magalasi a pamsika, aja amayalidwa pamodzi ndi mawotchi ndi malamba, chifukwa zilembo za pafoni zayamba kukuzunguza. Sindikudabwa. Munthu akamafika zaka 40, diso limayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndipo pepala umaliwerenga utatambasula mkono. Umenewo ndi ukulu, si matenda. Magalasi wagulawo akuthandiza kuwerenga, koma wogulitsayo sanayang'ane m'kati mwa diso lako, ndipo m'katimo ndi momwe muli nkhawa yanga.

Ukukumbukira mmene agogo ako ankayendera m'zaka zawo zomaliza, akugunda chitseko ndi phewa, akuponda nkhuku yomwe sanaione? Ife tinkati ndi ukalamba. Anali matenda a glaucoma, omwe ena amangoti BP ya m'maso. Madzi a m'diso akamalephera kutuluka bwino amapanikiza mtsempha womwe umachoka ku diso kupita ku ubongo, ndipo mtsemphawo umafa pang'onopang'ono. Mtundu wofala wa matendawa supweteka, diso silifiira, silituluka manthongo. Munthu amayamba kutaya za m'mbali, za kutsogolo akuziona bwinobwino, ulusi akulowetsa yekha pasingano. Zili ngati chiswe m'phaso la denga: kunja mtengo ukuoneka wolimba mpaka tsiku lomwe udzathyoke. Mtsempha ukafa sudzukanso, kaya ndi mankhwala kaya ndi opaleshoni. Madokotala amatha kuteteza gawo lotsalalo, kawirikawiri ndi mankhwala odonthezera tsiku ndi tsiku moyo wonse, ndiye mwayi uli kwa amene wapezeka nawo msanga. Matendawa amatsata magazi a kubanja, ndipo ife anthu akuda amatigwira kwambiri komanso tikadali aang'onopo kusiyana ndi azungu. Iwe mbali zonse ziwirizi zikukukhudza.

Tsono ukapita usakakhutire ndi kuwerenga zilembo za pakhoma zokha. Ukanene kuti kwanu kunali glaucoma. Akayeze mphamvu ya madzi m'diso, akakudonthezere mankhwala okulitsa mboni ya diso, aunike mpaka kumbuyo aone mtsempha weniweniwo, chifukwa ena amadwala glaucoma mphamvu ya madzi ili yabwinobwino.

Kumbuyo kwa disoko n'kodabwitsa. Ndi malo omwe dokotala amaona mitsempha ya magazi ndi maso ake popanda kung'amba munthu. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, dokotala wa maso Susan Lewallen, pogwira ntchito ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux m'zaka za m'ma 1990, anazindikira kuti ana okomoka ndi malungo a mu ubongo amakhala ndi zizindikiro zakezake kumbuyo kwa diso: timadontho ta magazi, malo otuwa, mitsempha yosintha mtundu. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2004 anaonetsa kuti mwa ana omwe anamwalira akuganiziridwa kuti ndi malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi anafa ndi matenda ena, ndipo diso ndi lomwe linkasiyanitsa bwino magulu awiriwa. Nzeru imeneyi inachokera kwathu konkuno, lero ikuphunzitsidwa kunja.

Kwa wamkulu ngati iwe, diso limaulula shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Shuga amafooketsa timitsempha ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa diso, timayamba kuchucha munthu asanamve kanthu, ndipo alipo ambiri omwe anadziwira kwa dokotala wa maso kuti ali ndi shuga. N'chifukwa chake wodwala shuga amauzidwa kupimitsa maso chaka ndi chaka ngakhale akuona bwino. Ndi mmene wanenepera chiyambire ntchito ya mu ofesiyi, fanta m'manja, kuyenda pagalimoto pokhapokha, ine mayi ako ndingakonde utayezetsa zonsezi ulendo umodzi.

Diso likafiira usathamangire ku golosale kapena kwa mnzako yemwe anatsala ndi kabotolo. Mankhwala ena odonthezera, aja okhala ndi steroid, amaziziritsa msanga, koma ukawagwiritsa ntchito nthawi yaitali amakweza mphamvu ya madzi m'diso, ndipo pa diso lomwe lili ndi chilonda amawonjezera moto. Za madzi a masamba, mkaka wa m'mawere ndi mkodzo, zija azakhali ako amalimbikira, usayerekeze n'komwe.

Usaope kuti kupimitsa ndi kukafuna nkhani zoipa. Zambiri zimachizika. Ng'ala, yomwe imachititsa khungu anthu ochuluka kuposa matenda ena onse a maso, imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, gogo n'kuyambanso kuona adzukulu. Ndipo mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, matenda aja otembenuzira nsidze m'kati, kukhala dziko loyamba kumwera kwa Africa kutero. Kopita kulipo: chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central uli nacho pafupi, china chili ku Queen Elizabeth, ku Nkhoma nako amadziwika ndi maso, ndipo Mzuzu University imaphunzitsa akatswiri opima maso. Mzere umakhala wautali, inde, koma tsiku limodzi pa zaka ziwiri zilizonse, kapena chaka chilichonse akakuuza tero, abwana ako sangakukanize.

Upite ndi mdzukulu wanga. Ndinamuona pa tchuthi akuonera TV mphuno ili pagalasi, akutsinzinira. Mwana sadandaula, amayesa aliyense amaona chimodzimodzi, kusukulu n'kumutcha waulesi pomwe sakuona pabolodi. Diso laulesi kapena lopenyera kumbali limakonzeka bwino mwana akadali wamng'ono. Ndipo khanda lako lija ukadzaona pachithunzi mboni yake ikuwala moyera, usadikire sabata, chifukwa nthawi zina chimakhala chotupa.

Tsiku lopimitsalo galimoto usiye kunyumba, mankhwala okulitsa mboni aja amachititsa chimbuuzi kwa maola angapo ndipo dzuwa limathobwa. Ukabwerako undiimbire, undiuze nambala ya mphamvu ya madzi yomwe apeza m'diso lililonse.

Ndine mayi ako.