Khanda Likatisiya, Tisafunefune Wolakwa

Pa maliro onse amene ndimayenda kuno ku Nkolokosa, amene amandilemera koposa ndi a khanda la masiku ochepa. Kawirikawiri amayi okha ndiwo amaperekeza kamtembo, kulira kumaletsedwa, ndipo pobwerera kumanda manong'onong'o amayamba. Wina amati ndi tsempho, wina amaloza chala nkhalamba ya pabanja. Mayi wofedwayo amazengedwa mlandu mabala a uchembere asanapole.

Komatu alipo matenda amene mwana amabadwa nawo popanda wochimwa. Amodzi mwa iwo, osoŵa ndithu, madokotala amaŵatcha nonketotic hyperglycinemia, ndipo anaŵalongosola m'chaka cha 1965. M'thupi mwathu muli kanthu kotchedwa glycine kamene kamathandiza kumanga mnofu, ndipo kakachuluka thupi limakaphwanya. Mwa khanda lodwala matendaŵa ntchito imeneyi siichitika, kotero glycine amaunjikana m'magazi ndi mu ubongo. Mwana amabadwa wooneka bwino, koma pakapita masiku aŵiri kapena atatu amalefuka, amaleka kuyamwa, amagona osadzuka, amakomoka, mpweya nkumadukiza. Mankhwala ochepetsa glycine alipo, koma ochiritsiratu palibe.

Mbewu ya matendaŵa imachokera kwa bambo ndi mayi omwe, aŵiri onse ali athanzi ndiponso osadziŵa kanthu, monga zimakhalira ndi matenda a sickle cell amene tikuŵadziŵa m'dziko muno. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mwayi woti mwana adwale ndi umodzi pa inayi. Nanga akuchimuna adzanyoza bwanji akuchikazi, mbewuyo ili mbali zonse? M'mutu 9 wa Mthenga wa Yohane, ophunzira anafuna kudziŵa amene anachimwa kuti munthu abadwe wakhungu, ndipo Ambuye sanapeze wolakwa, iye kapena makolo ake.

Akhristu anzanga, khanda likaleka kuyamwa tithamangire nalo kuchipatala cha Queen Elizabeth osayamba tapita kwa woombeza, pakuti zizindikiro zomwezi zimadzanso ndi matenda ena ochizika. Imfa ikayandikira ndipo wansembe ali kutali, munthu aliyense angathe kubatiza mwanayo pomthira madzi pamutu ndi kutchula Utatu Woyera. Amene anatsogola osabatizidwa, Eklezia amaŵapereka m'chifundo cha Mulungu ndi chikhulupiriro.

Mwana wa masiku atatu ndi munthu wathunthu. Makolo ake tiŵalole kulira, timtchule dzina lake m'mapemphero a mphakati, ndipo tikakhale nawo pansi monga tichitira pa maliro a munthu wamkulu.