Mbusa Amene Sanapatsidwe Mpingo

Pa tchuthi chathachi Bambo Mfumu a kwathu anandipatsa ana a katekisimu kuti ndiziwaphunzitsa Loweruka lililonse. Ndinkayesa ndi ntchito yapafupi. Tsiku lina kamnyamata kena kanangoti duu osayankha funso langa, ine nkukakalipira pamaso pa anzake. Kanalira, ndipo Loweruka lotsatira sikanabwerenso. Pambuyo pake ndinamva kuti agogo amene ankakalera anali atangomwalira kumene. Manyazi anandigwira zedi.

Titabwerera kuno ku seminale, aphunzitsi athu a Chingerezi anationetsa filimu ya moyo wa Bambo Fred Rogers, mkulu wokonza mapulogalamu a ana pa wailesi ya kanema ku Amereka. Bambowa anabadwa m'chaka cha 1928 ku Latrobe, m'chigawo cha Pennsylvania. Ataphunzira zoimbaimba, mu 1951 analowa ntchito ku NBC mumzinda wa New York. Chinawakokera ku ntchitoyi si ndalama ayi, koma kunyansidwa ndi zachabechabe zimene anaziona pa kanema, monga anthu kuponyerana chakudya kumaso.

Mu 1953 anasamukira ku WQED ku Pittsburgh. Kumeneko ankakonza pulogalamu ya The Children's Corner, kuimba limba ndi kuyankhulitsa zidole, iwo osaonekera. Nthawi yomweyo ankaphunziranso zaubusa, ndipo mu 1963 anadzozedwa kukhala mbusa wa mpingo wa Presbyterian. Koma sanawatumize kukaweta nkhosa pa tchalitchi. Anawatuma kukatumikira ana ndi mabanja kudzera pa kanema.

Pulogalamu yawo yotchuka, Mister Rogers' Neighborhood, inayamba mu 1968 nkudzatha mu 2001, itakwana zigawo 895. Nkhani ndi nyimbo ankalemba okha, ndipo kawirikawiri ankakafunsa nzeru kwa Mayi Margaret McFarland, katswiri wa kaganizidwe ka ana. Ankayankhula pang'onopang'ono, ngati akucheza ndi mwana mmodzi yekha.

Chigawo chimene chinandilasa mtima ndi cha mu 1970. Kansomba kamene ankaweta kanafa. Iwo sanabise, sananame kuti kagona. Anakatulutsa m'madzi, nakakwirira, kenaka nafotokoza chisoni chimene anamva ali mwana galu wawo atafa. Apo ndinakumbukira kamnyamata kanga kaja. Ine ndinkafuna yankho la m'buku, pamene iko kankafuna munthu woti akafunse chimene chavuta.

Anzanga, ambiri mwa ife tikamaganiza za unsembe timaona guwa ndi khamu la anthu akuluakulu. Ana timangoti, “Khalani chete kumbuyoko!” Komatu Bambo Rogers, amene anamwalira mu 2003, anathera pafupifupi zaka 50 pa ntchito ya ana, osaiyesa yonyozeka.

Sindikudziwa ngati ndidzafike pa guwa. Mwini kuitana ndi Mulungu. Koma tchuthi chikubwerachi ndikayambira kunyumba kwa kamnyamata kaja, kukapepesa maliro ndi kupepesanso mawu anga. Paja akuluakulu anati mmera mpoyamba.