Mlatho wautali kuposa chisumbu chake

Chitundu chathu timachitcha Chinyanja, koma ambiri a ife tinakula osaonapo nyanja iliyonse, osanena za yamchere. Kuno ku Chipata madzi aakulu amene mwana amadziwa ndi a mu damu ndi a mvula ya mu Januwale. Komabe ana a kalabu yathu ya pa wailesi, amene timakumana nawo Loweruka lililonse, anatha mwezi wathunthu akufufuza za chisumbu cha m'nyanja ya Indian Ocean, ndipo bundle yathu inavutika nazo.

Anafikako potsata njanji. Njanji yochoka kuno kupita ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, ndipo ana anafuna kudziwa kumene imathera. Anaitsata ndi chala pa mapu: Lilongwe, Salima, Cuamba, Nampula, mpaka padoko la Nacala. Kumwera kwa Nacala anaona kadontho kolembedwa kuti Ilha de Moçambique. Kachisumbu kameneka n'kotalika makilomita pafupifupi 3 chabe, ndipo m'lifupi mwake sikapitirira theka la kilomita. Mlatho wokalumikiza kumtunda, umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1960, ndi wautali kuposa chisumbucho. Apa ndiye ana anaseka kwambiri. Koma kadontho komweko ndi kamene kanapatsa dzina dziko lonse la Mozambique, ndipo kanali likulu la Apwitikizi m'dzikomo mpaka 1898, pamene boma linasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo.

Zaka zinali zosavuta kupeza. Vasco da Gama anaima pamenepo mu 1498, napeza kuti amalonda achiswahili ndi Aarabu anakhazikika kale. Katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte kanamangidwa mu 1522 ndipo kalipobe. Linga la São Sebastião anayamba kulimanga mu 1558, ndipo Adatchi analizinga mu 1607 ndi 1608 koma analephera kulilanda. Bungwe la UNESCO linaika chisumbuchi pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1991. Ana analemba zonsezi m'makope awo mwaulemu, ngati mmene amachitira pokonzekera mayeso a Giredi 7.

Chimene chinawagwira mtima ndi madzi. Pachisumbupo palibe mtsinje, choncho omanga akale anali kupanga madenga afulati otsogolera madzi a mvula m'zitsime zomangidwa ndi miyala pansi pa nyumba. Mwana amene amadzuka m'mamawa ndi chigubu kukaima pamzere wa pampopi safuna kumufotokozera zambiri pa nkhani imeneyi. Kamnyamata kena kanafunsa kuti chaka chimene mvula yavuta, woyamba kumwa anali ndani, kazembe kapena amene anakumba chitsimecho. Tinamuuza kuti alembe funsolo, lidzagwira nchito.

Ndipo linagwiradi, chifukwa chisumbucho n'chogawika pawiri. Kumpoto kuli mzinda wa miyala, kumene kuli linga, matchalitchi ndi nyumba yachifumu ya São Paulo imene lomba ndi miziyamu. Kumwera kuli Macuti, kumene kumakhala anthu ambiri, ndipo dzinalo limachokera ku masamba a mgwalangwa wa kokonati ofolera nyumba. Mbali zina za Macuti zili m'munsi kuposa msewu, moti munthu amatsika masitepe popita kwawo. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira mzinda wa kumpoto inakumbidwa pamenepo, ndipo anthu anamanga nyumba zawo m'maenje amene anatsala. Mvula ikagwa yambiri, madzi amadziwa kopita. Mu Malichi 2022 chimphepo cha Gombe chinafikira kumtunda m'boma la Mossuril, moyang'anizana ndi chisumbucho, ndipo nyumba za anthu osauka ndizo zinavutika kwambiri.

Ana a m'makomboni anamva nkhaniyi msanga kuposa ife. Mtsikana wina wa zaka 12 anati, "A ankolo, ndiye kuti kumpoto ndi kumayadi." Sitinamutsutse. Zithunzi zambiri za pa intaneti zimaonetsa zipupa zakale ndi zitseko zosema, ndipo n'zokongoladi. Koma gule wa tufo amene amavina azimayi ovala zofanana, ndi mussiro, ufa woyera wa mtengo umene amapaka kumaso, kwawo ndi ku Macuti, pakati pa anthu okamba Chimakua. Ife tinaona kuti pulogalamu yokamba za linga chabe idzakhala ngati kuuza mlendo za Chipata pomuonetsa ofesi ya boma.

Sabata lachitatu ndi limene linali lolemera. Ana anafunsa kuti zombo zonsezo zinali kudzatenga chiyani. Yankho linawabwezera kwawo. M'zaka za m'ma 1600 Amaravi, makolo a Achewa ndi Anyanja, anali kutumiza minyanga ya njovu kugombe limeneli. Pambuyo pake Ayao ndiwo anagwira kwambiri malondawo, kunyamula minyanga kupita nayo ku Mossuril n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene minda ya Afalansa ku Mauritius ndi Réunion inafuna antchito ambiri, njira zomwezo zinayamba kudutsa anthu omangidwa. M'zolembedwa za akapolo a kuzisumbu zimenezo mumapezeka mayina a mitundu, ndipo pakati pa Amakua ndi Ayao pali Amaravi.

Tinawauzanso za chombo cha São José, chimene chinanyamuka pachisumbupo mu Disembala 1794 kupita ku Brazil ndi akapolo pafupifupi 500. Chinasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town. Opitirira 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa komweko. Zotsala za chombocho zinalengezedwa mu 2015, ndipo pamwambo wokumbukira anathira m'nyanja dothi lochokera ku Mozambique. M'situdiyo munakhala zii. Kenako wina anafunsa funso limene tinali kuliyembekezera: "Nanga a kwathu anali ogulitsa kapena ogulitsidwa?"

Tinayankha kuti mbali zonse ziwiri, chifukwa ndi mmene zinalili. Panali mafumu ndi amalonda a kumtunda kuno amene anapindula, ndipo panali midzi imene inataya ana ake. Ogula ndi eni zombo anali Apwitikizi, Afalansa, a ku Brazil, Aswahili ndi Aarabu, ndipo kufuna kwawo ndiko kunakulitsa msikawo, koma munthu sanali kuchoka kumtunda kukafika kugombe popanda wina womugwira kumudzi.

Chigawo chimenechi chitaulutsidwa, agogo ena aamuna anatuma foni. Anakamba mwaulemu koma mosabisa kuti nkhani zotere si za ana, ndiponso kuti tikunyozetsa makolo. Tinawamvetsera mpaka anamaliza, ndipo mawu awo sitinawapeputse, chifukwa kunyada kumene amamva akapita ku Kulamba ku Mkaika ifenso timakumva. Koma sitinavomerezane nawo. Ana amenewa ali ndi mafoni. Tikawabisira, adzazipeza okha pa TikTok, zokambidwa ndi munthu amene sasamala za Amaravi ngakhale pang'ono. Ndiponso amene anatengedwa aja nawonso ndi makolo athu, ngakhale kuti palibe manda awo amene timasesa. Mtsikana uja anapempha maikolofoni n'kunena kuti, "Agogo, bwerani Loweruka mudzatiuze zimene munamva kwa ambuye anu." Agogowo anaseka, nati adzaganizira.

Pa pulogalamu yomaliza, mnyamata wathu wokonda masamu anabwera ndi rula ndi pepala. Anapima pa mapu napeza kuti kuchoka ku Chipata kukafika pachisumbucho molunjika ndi makilomita pafupifupi 900. Anati ngati munthu ayenda makilomita 20 patsiku, atasenza mnyanga kapena ali ndi goli pakhosi, ulendowo ndi wa masiku 45. Mnzake anamukumbutsa kuti njira siyenda molunjika ngati rula, pali nyanja ya Malawi yofunika kuilambalala kapena kuiwoloka, pali mitsinje ndi mapiri. Anayamba kuwerengeranso ali pamphepo, ndipo ngakhale nthawi ya malonda inali itakwana, tinawasiya amalize.